Msonkhano Wopanda Bwalo: Gaborone ndi Mbiri ya Muyezo Umodzi wa Kanema

Pa 17 Ogasiti 2020 atsogoleri a mayiko a bungwe la SADC anachita msonkhano wawo waukulu wa nambala 40, koma sanasonkhane m'chipinda chimodzi monga mwa mwambo. Mliri wa Covid-19 unali utatseka malire ndi mabwalo a ndege. A John Magufuli a ku Tanzania anapereka upampando kwa a Filipe Nyusi a ku Mozambique kudzera pa kanema. A Lazarus Chakwera, amene anali atangosankhidwa kukhala mtsogoleri wa Malawi mu Juni, analowa msonkhano wawo woyamba wa bungweli ngati nkhope yooneka pa galasi, ndipo a Mokgweetsi Masisi a ku Botswana analandira udindo wotsogolera nthambi ya ndale, chitetezo ndi bata m'njira yomweyo. Ntchito ya alembi, yokonza zikalata ndi kusunga zimene zagwirizanidwa, inali ya ofesi yaikulu ya bungweli ku Gaborone.

Kuti anthu okhala m'mizinda yotalikirana chonchi aonane ndi kumvana, makina awo ayenera kuyamba amvana okha. Makina opangidwa ku America ayenera kudziwa mmene anzawo opangidwa ku Japan kapena ku Norway akonzera chithunzi, mmene akuitanira, ndiponso mmene akutsanzikira. Kumvana kotere sikubwera kokha. Kumafuna pangano lolembedwa, limene kampani iliyonse ingawerenge ndi kulitsata. Panganoli ndilo muyezo wa onse. Mbiri ya misonkhano ya pa kanema ndi mbiri ya kulimbana pakati pa muyezo wa onse ndi njira za makampani zimene mwini wake amazitsekera ndi kiyi, ndipo Gaborone ndi malo abwino oonerapo chimene chigawo cha kumwera kwa Africa chingapindule kapena kutaya pa kulimbanako.

Gaborone unakhala likulu la chigawo chifukwa cha msonkhano wa ku Lusaka wa pa 1 Epulo 1980, pamene mayiko asanu ndi anayi anakhazikitsa bungwe la SADCC. Mayikowo anali Angola, Botswana, Lesotho, Malawi, Mozambique, Swaziland, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo Sir Seretse Khama a ku Botswana ndiwo anatsogolera zokambiranazo. Cholinga chachikulu chinali kuchepetsa kudalira South Africa ya tsankho pa njanji, madoko ndi mauthenga. Masiku amenewo lamya yochokera mu mzinda wina wa mu Africa kupita ku mzinda wa dziko loyandikana nalo kawirikawiri inkayamba yazungulira ku Johannesburg, London kapena Lisbon, chifukwa atsamunda anayala nthambo zolunjika kwawo, osati kwa oyandikana nawo. Ofesi ya alembi inatsegulidwa ku Gaborone kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo pamene SADCC inasanduka SADC ku Windhoek pa 17 Ogasiti 1992, likulu linakhalabe komweko. Choncho funso lakuti mwini njira ya mauthenga ndani linali pa maziko a bungweli kuyambira tsiku loyamba.

Funsoli ndi lakale kuposa bungwelo. Pamene telegalamu inayamba kufala ku Ulaya, dziko lililonse linali ndi makina ndi malamulo akeake. Uthenga ukafika pa malire, kalaliki ankaulemba pa pepala nʼkuupereka kwa mnzake wa tsidya lina kuti autumizenso. Pofuna kuthetsa vutoli, mayiko 20 anasaina pangano ku Paris pa 17 Meyi 1865, ndipo pamenepo panabadwa bungwe limene lero likutchedwa ITU, lokhala ndi likulu ku Geneva. M'zaka za m'ma 1890 nthambo ya telegalamu inadutsa m'dziko la Bechuanaland kuchokera ku Mafeking kukafika ku Salisbury, ndipo kampani ya Cecil Rhodes inaipitiriza kudzera ku Tete ndi Blantyre mpaka kumpoto kwa nyanja ya Malawi. Nthamboyo inamangidwa kuti itumikire atsamunda, komabe inasonyeza kuti uthenga ungathe kuyenda kuchokera ku Botswana wa lero mpaka ku Karonga ngati makalaliki onse a m'njira akutsata zizindikiro zofanana.

Njanji imaphunzitsa zomwezo mooneka ndi maso. Njanji za ku Botswana, Zimbabwe, Zambia, Malawi ndi mbali yaikulu ya Mozambique nʼzotalikirana mofanana, mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwiri, ndipo nʼchifukwa chake ngolo imodzi ingathe kudutsa malire osatsitsa katundu. Njanji yakale ya pakati pa dziko la Tanzania ndi ya mamilimita 1,000. Pamene ikumana ndi ya TAZARA ku Kidatu, katundu amayenera kutsitsidwa nʼkukwezedwanso m'ngolo zina. Kusiyana kwa mamilimita 67 kumadya nthawi ndi ndalama. Makina a kanema akhala ndi Kidatu wawo kwa zaka zambiri.

Kulankhulana moonana nkhope kunayamba kale kuposa mmene ambiri amaganizira. Mu 1936 a positi a ku Germany anatsegula zipinda zoimbira lamya ya kanema pakati pa Berlin ndi Leipzig. Mu 1964 kampani ya AT&T inaonetsa Picturephone pa chionetsero cha ku New York, ndipo mu 1970 inayamba kuigulitsa ku Pittsburgh. Malondawo anagwa. Mtengo unali wokwera, ndipo munthu wogula makinawo ankapeza kuti alibe womuimbira, popeza anzake analibe. M'zaka za m'ma 1980 makampani monga PictureTel ndi Compression Labs anapeza njira zofinyira chithunzi kuti chidutse pa nthambo za lamya, koma kampani iliyonse inkasunga njira yake mwachinsinsi. Ofesi yogula makina a kampani imodzi sinkatha kulankhula ndi ofesi yogula a kampani ina, ngakhale zonse zili mu mzinda umodzi.

Yankho linachokera ku nthambi ya ITU yoona za miyezo, imene panthawiyo inkatchedwa CCITT. Mu 1990 nthambiyi inamaliza muyezo wa H.261, wofotokoza mmene chithunzi chingafinyidwire, pamodzi ndi H.320, wofotokoza mmene chithunzi, mawu ndi zizindikiro zoitanira zingayendere pa nthambo za lamya za mtundu wa ISDN. Nzeru ya H.261 inali yakuti m'malo motumiza chithunzi chonse nthawi iliyonse, makina azitumiza mbali zokhazo zimene zasintha. Munthu akamalankhula, milomo ndi manja zimayenda koma khoma la kumbuyo kwake silisuntha, choncho palibe chifukwa cholitumizira mobwerezabwereza. Muyezowo sunalamule kampani iliyonse mmene ingamangire makina ake. Unangonena mmene uthenga wotuluka m'makinawo uyenera kukhalira, kuti wolandira aliyense aumasulire. Kuyambira pamenepo makina a makampani opikisana anayamba kuimbirana.

Koma kwa mzinda ngati Gaborone, Lilongwe kapena Lusaka, muyezo wokha sunali wokwanira. Njira imodzi ya ISDN inkanyamula makilobiti 64 pa sekondi, ndipo chithunzi chabwino cha msonkhano chinkafuna makilobiti 384, kutanthauza njira zisanu ndi imodzi zotsegulidwa nthawi imodzi. Poimbira kunja kwa dziko, njira iliyonse inkalipiridwa ngati lamya yapayokha ya kunja. Ola limodzi la msonkhano linali ngati maola asanu ndi limodzi a lamya yopita ku Ulaya. Amene ankakwanitsa anali maofesi a akazembe, mabanki aakulu ndi mabungwe a chithandizo. Nduna ndi akatswiri a m'chigawo anapitiriza kukwera ndege, ndipo ulendo wochokera ku Lilongwe kupita ku Gaborone unkadzera ku Johannesburg.

Mu Novembala 1996 ITU inavomereza muyezo wa H.323, umene unachotsa kanema pa nthambo za lamya nʼkumuika pa njira za makompyuta ndi intaneti. Chaka chomwecho, mu Ogasiti, atsogoleri a SADC anasaina ku Maseru pangano la za mtengatenga, mauthenga ndi zanyengo, lolimbikitsa mayiko kugwirizanitsa malamulo ndi miyezo yawo. H.323 inabweretsa zida zitatu zofunika. Choyamba ndi gatekeeper, mlonda wa pachipata, amene amasunga kaundula wa makina onse a m'dera lake ndi kulozera woimba kumene mnzake ali. Chachiwiri ndi gateway, chipata chomasulira pakati pa makina akale a ISDN ndi atsopano a intaneti. Chachitatu ndi mlatho wolumikiza zipinda zitatu kapena kuposerapo mu msonkhano umodzi. Posakhalitsa bungwe la IETF, limene limalemba miyezo ya intaneti, linatulutsa muyezo wake woitanira wotchedwa SIP mu 1999, nʼkuukonzanso mu 2002. Miyezo iwiriyi inkapikisana, koma yonse inali yolembedwa poyera, ndipo makina ambiri anaphunzira kulankhula yonse iwiri.

Panatsala vuto la adiresi. Mlonda wa yunivesite imodzi ankadziwa makina a pasukulu yake yokha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, akatswiri a mayunivesite a ku America ndi ku Ulaya, kudzera mu mgwirizano wotchedwa ViDeNet, anakonza dongosolo la manambala lotchedwa Global Dialing Scheme. Iwo anabwereka manambala a mayiko amene ITU inagawa kale pa lamya. Nambala ya kanema inkayamba ndi 00, kenako nambala ya dziko, kenako ya sukulu kapena bungwe, pomaliza ya chipinda. Mwa lamulo limeneli chipinda cha ku Gaborone chiyenera kuyamba ndi 00267, cha ku Zomba ndi 00265, cha ku Chipata ndi 00260, cha ku Tete ndi 00258. Alonda anaikidwa m'magulu ngati mafumu: mlonda wa sukulu akapanda kuidziwa nambala amafunsa wa dziko, wa dziko amafunsa wa dziko lonse lapansi, ndipo yankho limatsika m'njira yomweyo. Panalibe kampani imodzi yokhala mwini dongosololi. Linazika mizu makamaka m'mayunivesite a ku Ulaya, America ndi Australia, kumene kunali intaneti yamphamvu ndi mabungwe a dziko otha kusamalira alondawo.

Kumwera kwa Africa intaneti ya nthawi imeneyo inkadalira kwambiri setilaiti, yokwera mtengo ndiponso yochedwetsa mawu, kotero kuti anthu awiri ankalankhulira pamodzi kenako nʼkukhala chete pamodzi. Chithandizo chimodzi chachikulu chinachokera ku India. Mu Seputembala 2004 mtsogoleri wa dzikolo, a A. P. J. Abdul Kalam, polankhula ku nyumba ya malamulo ya Pan-African Parliament ku South Africa, anapereka ganizo lolumikiza mayiko onse a mu African Union ndi India pa setilaiti ndi zingwe za pansi pa nyanja. Ntchitoyo, yotchedwa Pan-African e-Network, inakhazikitsidwa mu Febuluwale 2009, ndipo gawo lachiwiri, la mu Ogasiti 2010, linaphatikiza Botswana, Malawi, Mozambique ndi Zambia. Inali ndi mbali zitatu: maphunziro a patali, uphungu wa madokotala, ndi njira ya kanema ya atsogoleri a mayiko. Ku Chancellor College ku Zomba ophunzira ankakhala m'chipinda nʼkumamvetsera aphunzitsi a ku India, ndipo ena analandira madigiri mwa njira imeneyi. Phindu lake linali lenileni. Komabe zingwe zake zonse zinkaloza kumodzi, kwa wopereka thandizo, ndipo India atapereka ntchitoyo m'manja mwa African Union mu 2017, funso la amene adzalipire ndi kusamalira makinawo linagwera eni nyumba.

Chimene chinasintha zinthu kwenikweni chinali zingwe za pansi pa nyanja. SEACOM inayamba kugwira ntchito mu 2009, EASSy mu 2010, ndipo WACS mu 2012. Botswana, dziko lopanda gombe ngati Malawi ndi Zambia, inaika ndalama zake mu EASSy, nʼkugwirizananso ndi Namibia pa WACS, imene imatulukira ku Swakopmund. Mu 2012 boma linakhazikitsa kampani ya BoFiNet kuti isamalire zingwe zikuluzikulu za dzikolo ndi kugulitsa mphamvu ya intaneti kwa makampani ena. Mayunivesite nawonso anali atadzikonza kale. Mu 2005 mabungwe a intaneti ya maphunziro a ku Kenya, Malawi, Mozambique, Rwanda ndi South Africa anayambitsa UbuntuNet Alliance, imene ofesi yake ili ku Lilongwe, ndipo kuyambira mu 2011 ntchito ya AfricaConnect inalumikiza mayunivesite a chigawochi ndi anzawo a ku Ulaya. Msewu unali utalambulidwa tsopano. Koma pamene unkatha kulambulidwa, dziko linali litayamba kusiya miyezo ya onse ija.

Skype inatuluka mu 2003, yaulere ndiponso yosavuta, koma njira yake inali yachinsinsi, ndipo wa Skype ankaimbira wa Skype yekha. Mu Juni 2010 a Steve Jobs, poonetsa FaceTime, analonjeza kuti kampani ya Apple idzaipereka kuti ikhale muyezo wa onse, koma lonjezolo silinakwaniritsidwe. WhatsApp, Zoom, Microsoft Teams ndi Google Meet zinatsata njira yomweyo ya mudzi wokhala ndi mpanda. Zinapambana chifukwa zinathetsa mavuto enieni. Makina a H.323 anali okwera mtengo, ankafuna katswiri wowayang'anira, ndipo nthawi zambiri ankakanidwa ndi zotchinga za chitetezo za m'maofesi. Mapulogalamu atsopanowa ankangofuna foni ya m'manja ndi kudina kamodzi. Mayi wa ku Dedza wofuna kuona mwana wake wogwira ntchito ku Gaborone kapena ku Johannesburg sakanadikira mlonda wa pachipata wa yunivesite.

Miyezo ya onse sinafe, koma inabisala pansi. Zithunzi zambiri za m'mapulogalamuwa zimafinyidwa ndi H.264, muyezo wa mu 2003 umene ITU inalemba pamodzi ndi bungwe la ISO. Mu 2011 Google inatsegula poyera WebRTC, njira yolola pulogalamu yowerengera masamba a intaneti kutumiza mawu ndi kanema popanda kuikamo china chilichonse, ndipo mu Januwale 2021 mabungwe a W3C ndi IETF anaivomereza kukhala muyezo wathunthu. Mapulogalamu monga Jitsi ndi BigBlueButton, amene sukulu kapena boma lingaike pa makompyuta akeake, amayenda pa WebRTC. Koma muyezowu unasiya dala nkhani ya adiresi ndi kuitana m'manja mwa mwini pulogalamu. Zotsatira zake nʼzakuti njerwa ndi za onse koma zitseko ndi za eni. Munthu wa nambala ya 265 angaimbire lamya munthu wa nambala ya 267 posafunsa kuti foni yake ndi ya kampani iti, koma pa kanema funso loyamba limakhala lakuti msonkhano uli pa pulogalamu yanji. Chipinda cha makina a H.323 kapena SIP chikafuna kulowa mu msonkhano wa Zoom kapena Teams, chimadzera pa chipata cholipira. Kidatu anabwereranso.

Umu ndi mmene mliri unapezera chigawochi. Mu Disembala 2019 anthu olowa misonkhano ya Zoom pa tsiku anali pafupifupi 10 miliyoni, ndipo pofika Epulo 2020 kampaniyo inalengeza za 300 miliyoni. Botswana inalengeza odwala ake oyamba kumapeto kwa Malichi, Malawi kumayambiriro kwa Epulo. Nduna za SADC zinayamba kukumana pa kanema, ndipo mu Epulo 2020 zinagwirizana malamulo a kayendedwe ka magalimoto a katundu pa malire, amene anathandiza kuti mafuta, mankhwala ndi chakudya zizifikabe m'mayiko opanda gombe. Ntchitoyo sinali yaing'ono. Bungweli lili ndi mayiko 16 ndipo limagwira ntchito m'Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi, kuwonjezera pa Chiswahili chimene chinavomerezedwa mu 2019, choncho mawu a omasulira ayenera kuyenda pa njira zawozawo limodzi ndi chithunzi. Pamene atsogoleri anakumananso ku Lilongwe mu Ogasiti 2021, nʼkusankha a Elias Magosi a ku Botswana kulowa m'malo mwa a Stergomena Lawrence Tax ngati mlembi wamkulu, msonkhano wa pa kanema unali utasanduka chizolowezi cha maboma, makhoti, masukulu ndi mipingo.

Chizolowezi chimenechi chili ndi mtengo wake. Boma kapena yunivesite imene imadalira pulogalamu yotsekeka imalipira chaka ndi chaka m'ndalama zakunja, zimene mayiko monga Malawi amasowa. Mawu a msonkhano wa anthu a ku Lusaka ndi ku Lilongwe angathe kuyamba azungulira pa makompyuta a kutsidya kwa nyanja, monga lamya inkachitira mu 1980. Mwini pulogalamu akakweza mtengo, akasintha malamulo kapena akaitseka, wogwiritsa ntchito alibe pokadandaula. Skype yomwe ija, imene Microsoft inagula mu 2011, inatsekedwa mu Meyi 2025. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mayiko a mu European Union anaona vutoli, ndipo lamulo lawo la Digital Markets Act, lokhazikitsidwa mu 2022, likukakamiza mapulogalamu aakulu a mauthenga kutsegula zitseko kwa anzawo pang'onopang'ono, kuyambira pa mauthenga olemba mpaka pa kanema.

Olankhula Chichewa ndi Chinyanja amaidziwa nkhani yotere kuchokera kwina. Chilankhulo chawo nʼchimodzi ku Lilongwe, Chipata, Angónia ndi Lichinga, koma malire anachipatsa kalembedwe kosiyana, ka Chingerezi kuno ndi ka Chipwitikizi uko, ndipo buku losindikizidwa mbali imodzi silifika mosavuta m'kalasi ya mbali ina. Mu 2001 bungwe la CASAS la ku Cape Town linasindikiza malamulo a kalembedwe kamodzi ka zilankhulo za ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Kulemba malamulowo kunatheka, koma kuti agwire ntchito pamafunika maunduna a maphunziro ndi osindikiza mabuku owatsata. Miyezo ya kanema ili chimodzimodzi. H.323, SIP ndi WebRTC zilipo, zolembedwa poyera, ndipo mphamvu yake imadalira amene akugula ndi amene akulamula.

Ku Gaborone kuli ofesi ziwiri zimene nkhaniyi ikuzikhudza mwachindunji. Ina ndi ya alembi a SADC. Ina ndi ya CRASA, mgwirizano wa mabungwe oyang'anira mauthenga m'chigawochi, umene unayamba mu 1997 ndi dzina la TRASA, ndipo mamembala ake ndi monga BOCRA ya ku Botswana, MACRA ya ku Malawi, ZICTA ya ku Zambia ndi INCM ya ku Mozambique. Mabungwewa ndi amene amakambirana za mitengo ya lamya zodutsa malire ndi kugawana mafunde a wailesi. Kufuna kuti makina ndi mapulogalamu ogulidwa ndi ndalama za boma azitha kulankhula miyezo ya onse ndi ntchito ya mtundu womwewo, ndipo mayiko 16 ogula mogwirizana amamveka kwa ogulitsa kuposa dziko limodzi. Amene anasonkhana ku Lusaka mu 1980 ankafuna njanji, madoko ndi nthambo zimene palibe mlendo angazitseke atafuna. Misonkhano ya ana awo ikuyenda pa kanema tsopano, ndipo kiyi wa zipinda zambiri zimene amakumaniramo akadali m'thumba la ena.